Mankhwala a M'munda ndi Chikonga cha Fodya: Mmene Zimaonongera Minyewa

HARARE – Pakati pa Disembala ndi Malichi, pamene fodya akuthyoledwa m'mafamu a ku Mashonaland m'dziko la Zimbabwe, antchito ena amadandaula za litsipa, chizungulire, nseru ndi kusanza. Kawirikawiri zizindikirozi amaziyesa malungo kapena kutopa chabe. Koma nthawi zina gwero lake ndi poizoni amene walowera pakhungu n'kukasokoneza minyewa.

Nkhaniyi ikukhudza mayiko angapo. Ntchito yogawa minda isanayambe mu 2000, mafamu akuluakulu a ku Zimbabwe anali ndi antchito oposa 300,000, ndipo ochuluka ndithu anali ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia. Ana ndi adzukulu awo akadali m'madera a Mvurwi, Centenary, Karoi, Trelawney ndi Marondera, kumene Chichewa chimamvekabe m'makomboni. Masiku ano fodya wambiri amalimidwa ndi alimi ang'onoang'ono, amene amapopera okha mankhwala pamodzi ndi mabanja awo ndiponso aganyu.

Kuti poizoniyu amveke bwino, mpofunika kudziwa mmene minyewa imagwirira ntchito. Ubongo wa munthu uli ndi maselo a minyewa pafupifupi 86 biliyoni. Kuchokera mu ubongo, chingwe cha minyewa chimatsika m'kati mwa mafupa a msana, ndipo kuchokera m'chingwecho mumatuluka minyewa 31 mbali iliyonse, yopita m'manja, m'miyendo ndi m'ziwalo zina. Uthenga umayenda ngati mphamvu ya magetsi, ndipo m'minyewa ina umathamanga mamita oposa 100 pa sekondi imodzi.

Komabe minyewa siilumikizana mwachindunji ndi minofu. Pakati pake pamakhala kampata kochepetsetsa, ndipo uthenga umawoloka kampatako kudzera m'timadzi totchedwa acetylcholine. Timadzi timeneti ndi timene timauza mnofu kuti ukokeke, mtima kuti uchepetse liwiro, ndi thupi kuti litulutse malovu kapena thukuta. Asayansi awiri, Otto Loewi ndi Henry Dale, analandira mphotho ya Nobel mu 1936 chifukwa chotulukira zimenezi. Uthenga ukangofika, puloteni yotchedwa cholinesterase imaphwanya timadzito nthawi yomweyo kuti mnofu upume.

Apa ndi pamene mankhwala ophera tizilombo a gulu la organophosphate, monga dimethoate ndi chlorpyrifos, amachitira chipongwe. Amamanga cholinesterase kuti isagwire ntchito, choncho acetylcholine amaunjikana ndipo uthenga sulekeza. Mbozi imafa mwa njira imeneyi, ndipo thupi la munthu limakhudzidwa chimodzimodzi. Wodwala amachucha dovu ndi thukuta, amasanza, amatsegula m'mimba, kamwana ka diso kamachepa kwambiri, ndipo minofu imanjenjemera yokha. Poizoni akachuluka, m'mapapo mumadzaza madzi ndipo munthu amatha kufa chifukwa cholephera kupuma.

Vutoli silithera tsiku limenelo. Odwala ena amafooka khosi ndi minofu yopumira patapita tsiku limodzi mpaka masiku anayi, pamene achibale akuganiza kuti achira. Mankhwala ena a gululi amaononga minyewa yaitali ya m'miyendo, ndipo pakatha sabata imodzi kapena zingapo munthu amamva dzanzi kumapazi n'kuyamba kukoka miyendo poyenda.

Chikonga cha m'masamba a fodya chimalowerera pakampata komweko, koma mwa njira ina: chimadziyerekeza ndi acetylcholine n'kumadzutsa minyewa popanda chifukwa. Chimasungunuka m'mame, m'mvula ndi m'thukuta, choncho wothyola fodya wonyowa amachimwera pakhungu ngakhale asanasutepo. Nthendayi imatha pakapita tsiku limodzi kapena masiku awiri, koma imagwira ana msanga chifukwa matupi awo ndi aang'ono. Mu 2018, bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti lochokera pa kucheza ndi alimi ndi antchito 125 a m'zigawo zitatu za Mashonaland ndi ku Manicaland. Lipotilo linapeza kuti ana ankagwira ntchito m'minda ya fodya, ndipo ambiri mwa amene anafunsidwa sankadziwa kuti chikonga chimalowera pakhungu.

Zotsatira za kukhudzana ndi mankhwalawa kwa zaka zambiri zachititsa mayiko ena kusintha malamulo. Mu 2012, dziko la France linavomereza kuti nthenda ya Parkinson, imene imanjenjemeretsa manja ndi kuumitsa thupi, ingayambe chifukwa cha ntchito yopopera mankhwala m'minda. Mu 2020, mayiko a European Union analetsa chlorpyrifos poopa kuti amasokoneza kakulidwe ka ubongo wa ana.

Sikuti matenda onse a minyewa m'maderawa amachokera ku mankhwala. Kuthamanga kwa magazi kumayambitsa sitiroko. Malungo aakulu amafika mu ubongo, makamaka kwa ana. Matenda oumitsa khosi amapha anthu ambiri amene chitetezo chawo chatsika chifukwa cha HIV. Mazira a nyongolotsi za nkhumba, akamezedwa m'madzi kapena m'chakudya chokhudzana ndi chimbudzi cha munthu, angathe kukakhazikika mu ubongo n'kuyambitsa khunyu. Kachasu naye amaononga minyewa ya kumapazi. Koma poizoni wa m'munda ndi wosavuta kumupewa kusiyana ndi ambiri mwa matendawa.

Akatswiri a zaumoyo amalangiza kuvala magolovesi, nsapato za gambuti ndi zovala zosalowa madzi, kusapopera moyang'anana ndi mphepo, kusadya kapena kusuta ntchito ili m'kati, ndiponso kusatungira madzi m'zigubu zimene munali mankhwala. Fodya ndi bwino kumuthyola mame atauma. Munthu akayamba zizindikiro, avulidwe zovala, asambitsidwe ndi sopo, ndipo athamangire naye kuchipatala atanyamula botolo la mankhwalawo, popeza dzina lolembedwa pabotolo limathandiza dokotala kudziwa ngati akufunika jakisoni wa atropine. Kumumwetsa mkaka sikuchotsa poizoni, ndipo kumusanzitsa dala kungalowetse mankhwalawo m'mapapo.