Kachitsamba ka Ulimbo ndi Matenda a BP: Lubuto ndi Maiko Ena

Pa nthambi za mitengo ya m'makomboni a Ndola ndi m'nkhalango za miombo zozungulira mzindawu pamamera kachitsamba kopanda mizu m'nthaka. Kamaboola khungwa n'kumayamwa madzi a mtengo umene kagwira. Wobzala wake ndi mbalame: ikadya chipatso chake chonanda, njere imakakamira panthambi ina n'kumera pomwepo. Anyamata akumudzi amakadziwa chifukwa zipatso za mitundu ina amapangira ulimbo. Angerezi amakatcha mistletoe, Ashona amati gomarara, Ayoruba amati afomo. M'maiko ambiri masamba ake ali ndi mbiri yoti amatsitsa BP.

Mbiri yotere imamveka msanga kumalo ngati Lubuto, komboni ya mu Ndola. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2017 anapeza kuti mwa akuluakulu asanu a m'Zambia, pafupifupi mmodzi magazi ake amathamanga kwambiri, ndipo ambiri a iwo sali pa mankhwala. Wopezeka ndi 140/90 kapena kuposa kangapo pa kiliniki ya Lubuto amamupatsa mapilitsi onga amlodipine kapena hydrochlorothiazide, n'kumuuza kuti azimwa tsiku lililonse osalekeza. Apa ndi pamene mitima imagwa. Ife tinazolowera mankhwala okhala ndi mapeto: wamwa a malungo masiku atatu, wachira. Tsono wina akabwera ndi botolo la masamba owiritsa nalonjeza kuchotsa nthendayo ndi mizu yomwe, akulankhula zimene wodwala amafuna kumva.

Tisaganize kuti kukhulupirira tsambali ndi kwa anthu osauka okha. Ku Ulaya mtundu wa Viscum album akhala akuulemekeza kuyambira kale. Pliny, mlembi wa ku Roma, analemba kuti ansembe a ku Gaul ankaudula ndi chikwakwa chagolide. Mu 1907 dokotala wa ku France, René Gaultier, anaonetsa kuti madzi ake amatsitsa kuthamanga kwa magazi. Mpaka lero ku Germany tiyi wake amagulitsidwa m'mafamase, komanso makapisozi osakaniza ndi adyo. Kusiyana kuli pa kagulitsidwe. Papaketi pamalembedwa dzina la chomera, kulemera kwake ndi kamwedwe kake: masamba amaviikidwa m'madzi ozizira usiku wonse. Zipatso sazigwiritsa ntchito. Chomerachi chili ndi timapuloteni taululu totchedwa viscotoxin ndi lectin, ndipo anthu amauzidwa zimenezo poyera.

Ngakhale zili choncho, Ajeremani omwewo sanadzinamize. Mu 1978 boma lawo linakhazikitsa Commission E, gulu la akatswiri lounika zitsamba chimodzichimodzi. Litafika pa chomerachi linanena kuti mphamvu yake yotsitsa BP ikufunika kufufuzidwabe. Zimene zapezeka m'malabotale n'zolimbikitsa: pa makoswe, madzi a masambawa amafewetsa mitsempha kuti itakasuke ndiponso amakodzetsa. Ku Nigeria, kumene afomo amamwedwa kwambiri ndi odwala BP ndi shuga, ofufuza a m'mayunivesite apeza zofanana pa mitundu ya kumeneko monga Tapinanthus bangwensis. Koma khoswe si munthu. Zoyesa pa anthu n'zochepa ndiponso zazing'ono, ndipo palibe chimene chaonetsa kuti tiyiyu amateteza ku sitiroko kapena kufooka kwa mtima, pamene mapilitsi aja anayesedwa pa anthu zikwizikwi n'kuoneka kuti amateteza.

Pali chinthu chimodzi chimene asing'anga a mu Afrika anachiona kale. Wodziwa ntchito yake sangothyola paliponse, amayamba wafunsa kuti kachitsambako kamera pa mtengo wanji. Sayansi ikumuvomereza. Popeza kamadya za mtengo umene kakhalapo, mankhwala a m'masamba ake amasintha malinga ndi mtengowo. Ku China mtundu wa Taxillus chinensis, umene amautcha sang ji sheng, unalembedwa m'buku la boma la mankhwala, ndipo wofunidwa kwambiri ndi womera pa mabulosi. Koma womera pa oleander amaukana, pakuti umatenga ululu wa duwalo umene umasokoneza kugunda kwa mtima. Oleander yemweyo ndi uja timamubzala m'mayadi kuti akongoletse pakhomo. Nawonso opanga Iscador ku Switzerland, jekeseni amene ena amawonjezera pa chithandizo cha khansa, amalemba pabokosi ngati masamba achokera pa mtengo wa apozi, wa paini kapena wina.

Ndiye nzeru ya mtengo tili nayo. Chimene chimatayika ndi njira yoifikitsira kwa wodwala. Masamba akauma n'kusinjidwa, n'kuthiridwa m'botolo lopanda chizindikiro pamsika, ngakhale wogulitsayo sangalumbire kuti ndi mtundu uti mwa yambirimbiri ya kuno, kaya Agelanthus, Erianthemum kapena Viscum, kapena kuti unali pa mtengo uti. Mlingo ndi wa dzanja la munthu: lero chikho chimodzi, mawa ziwiri. Choopsa china n'chakuti BP simveka m'thupi. Munthu akhoza kumwa tiyi, mutu n'kuleka kuwawa, iye n'kusiya mapilitsi, pamene mitsempha ya ubongo ndi impso ikuonongekabe mpaka tsiku lomunyamula kupita ku Ndola Teaching Hospital atafa mbali imodzi. Wina amaphatikiza zonse ziwiri mwakabisira, akamva chizungulire namwino n'kusowa chifukwa chake.

Zipangizo zotsekera mpata umenewu zili pafupi. Tropical Diseases Research Centre inayamba kufufuza matenda mu Ndola momwemo mu 1975. Sukulu ya udokotala ya Copperbelt University ili mumzinda womwewo. Asing'anga ali ndi bungwe lawo la THPAZ, ndipo ZAMRA ndiyo yoyang'anira mankhwala ogulitsidwa m'dziko. Atagwirizana, akhoza kulemba mitundu ya kuno ndi mitengo yake, kuyesa ululu wake, kenako kuona pa anthu ngati pali phindu. Ngati lilipo, likhala lathu ndi umboni wake. Ngati palibe, anthu asunga ndalama zawo.

Podikira zimenezo, wodwala wa ku Lubuto achite zimene zili m'manja mwake. Achepetse mchere, usafike magalamu 5 patsiku, kuwerengera ndi wa m'kapenta ndi nsomba zouma. Asasiye mapilitsi chifukwa cha masamba, ndipo mayi woyembekezera asawamwe n'komwe. Amene akumwa kale aulule kuchipatala, afunsenso wogulitsa za mtengo umene anathyolapo, pakuti safunsa anadya phula. Ndipo aziyezetsa kawirikawiri, chifukwa makina oyezera BP okha ndiwo anganene ngati mankhwala, a m'botolo kapena a m'paketi, akugwiradi ntchito.