Bowo la ku Kiama, pomwe nyanja imapumira m'thanthwe

Tidanyamuka mumzinda wa Sydney, m'dziko la Australia, dzuwa lisanakwere. Tidali m'basi yaing'ono pa ulendo wa tsiku limodzi wopita ku Kiama, tauni ya m'mphepete mwa nyanja yamchere yomwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 120 chakumwera. Tisanadutse n'komwe mzinda wa Wollongong, wotitsogolera adatichenjeza kuti nyanja silamulidwa ndi munthu. Mwina tikachiona chomwe talipirira, mwinanso ayi.

Chomwe chimakokera anthu kumeneko ndi bowo lomwe lili pamwamba pa thanthwe lakuda lolowera m'nyanja. Thanthweli lidapangika kuchokera ku chiphalaphala chamoto kalekale, ndipo mafunde adakumba njira kunsi kwake, pomwe padali mwala wofewerako. Funde likalowa m'njirayo limapanikiza mpweya m'phanga lomwe lili kumathero. Mpweyawo ukasowa kolowera, umakankha madzi kutulukira pabowo paja ndi mkokomo ngati wa bingu. Pa tsiku labwino madziwo amakwera mpaka mamita 25. Mngelezi woyamba kulemba za malowa adali George Bass, yemwe adafikapo pa bwato pa 6 Disembala 1797, koma eni nthaka, Awodiwodi, adali atalidziwa bowoli kwa mibadwomibadwo iye asanabadwe.

Ife tidafika nyanja ili bata. Tidatsamira mpanda wachitsulo, pafupi ndi nsanja yoyera ya nyali yolondolera zombo yomwe idamangidwa mu 1887, n'kumasuzumira m'dzenje momwe madzi ankangowinduka pang'ono ngati phala losapsa. Wotitsogolera adati bowoli limalusa mafunde akamachokera kumwera chakum'mawa. Tidakumbukira mwera wa kwathu, womwe umachititsa asodzi a ku Nkhotakota kukokera mabwato kumtunda. Kuno ndiye anthu amaupempha mwera woterowo.

Mphindi zidapita. Anzathu ena adayamba kung'ung'udza kuti ndalama zawo zalowa m'madzi, ndipo angapo adabwerera kubasi kukagula nsomba ndi tchipisi. Tisabise, nafenso mtima udatsala pang'ono kuwatsatira. Koma paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mnyamata wina wa m'gulu lathu adatopa nako kudikira. Adakweza mwendo kuti alumphe mpanda akajambule pafupi ndi bowolo. Wotitsogolera, yemwe tsiku lonse adali wanthabwala, adamugwira mkono nkhope itasintha. Adamuuza, mosakweza mawu, kuti mu 1992 anthu asanu ndi awiri adamira pamalo omwewa atakokoledwa ndi funde pamiyala. Funde lalikulu silichenjeza. Limabwera pakati pa ang'onoang'ono, munthu atatembenukira kumtunda. Mnyamatayo adabweza mwendo wake mwamanyazi, ndipo tonse tidakhala duu.

M'kachetechete momwemo tidamva kaye kubuula pansi pa mapazi athu, ngati ng'ombe yotsekeredwa m'khola. Thanthwe lidanjenjemera. Kenaka madzi oyera mbee adatumphuka m'dzenjemo, kupitirira mitu yathu, nagwa ngati mvula yamchere pankhope ndi pazovala. Sadafike mamita 25 aja, mwina theka lake, koma mayi wina wachikulire yemwe adali pambali pathu adagwira pakamwa, misozi ili m'maso. Palibe yemwe adakumbukira kamera. Pomwe manja ankafika m'thumba, madziwo adali atabwerera kale kunsi, ndipo pomwe mnyamata uja ankafuna kukaima padali patanyowa, thovu likutsetsereka m'ming'alu.

Tidadikira lachiwiri, koma silidabwere. Pobwerera, wotitsogolera adatipatutsira ku bowo laling'ono lomwe lili chakumwera kwa tauniyo, lomwe limakonda mafunde ochokera kumpoto chakum'mawa ndipo silikhumudwitsa kawirikawiri. Kumeneko aja a tchipisi adajambula zithunzi zawo. M'basi adatifunsa ngati bowo lalikulu lija lidachita kanthu iwo atachoka, ndipo tidangowaonetsa malaya athu, mchere utayamba kuuma m'makolala.