MASHOKO A BONETI AKAFOOKA, MPINI WA KHASU SI MANKHWALA AKE

Eni magalimoto ambiri m'maboma a Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi ali ndi cizolowezi cocirikiza boneti ndi mtengo kapena mpini wa khasu pamene afuna kuona mafuta ndi madzi m'injini. Iwo amatero cifukwa tizitsulo timene timagwira boneti m'mwamba, tomwe amakanika amati mashoko a boneti, tinafooka kale.

Mcitidwe umenewu ndi woopsa kwabasi. Boneti ndi citsulo colemera, ndipo mphepo ikaomba kapena mkono ukagunda mtengowo, imagwera pamutu kapena pa zala za munthu amene wawerama. Mlimi wovulala dzanja nthawi yokolola amataya zambiri koposa mtengo wa mashoko awiri.

Magalimoto ena akale anali ndi kandodo kacitsulo kocirikizira boneti. Koma ena mwa magalimoto amene amalowa m'dziko muno kudzera pa Nakonde ndi Chirundu, monga Toyota Land Cruiser 100 ndi Mercedes-Benz, ali ndi mashoko a mpweya. Mashoko a mtundu womwewu ndiwo amagwiranso citseko ca kumbuyo ca maminibasi a Hiace.

Shoko iliyonse ndi paipi yotsekeka imene muli mpweya wa nayitrojeni wopanikizidwa kwambiri, pamodzi ndi mafuta pang'ono. Mpweyawo umakankha kandodo konyezimira kamene kamakweza boneti. Pakamwa pa paipiyo pali kamphira koletsa mpweya kuthawa. Pakapita zaka kamphirako kamatha, makamaka ngati fumbi la m'miseu ya dothi lakanda kandodoko, ndipo mpweya umatuluka pang'onopang'ono.

Zizindikiro zake sizivuta kuziona. Boneti imayamba kulemera poitsegula, imatsika yokha, kapena pakandodo pamaoneka mafuta. Bvutoli limakula m'mawa m'miyezi ya June ndi July, popeza mpweya ukazizira mphamvu yake imacepa. Shoko yotere siikonzeka pakhomo ai, ifunika kusinthidwa.

Pano ndi pamene mwini galimoto amaima njakata. Mashoko okhala ndi dzina la kampani yopanga galimotoyo amakhala okwera mtengo, ndipo kawirikawiri amafuna ulendo wa ku Lusaka. M'masitolo a masipeya mumapezeka ena otsika mtengo opangidwa ndi makampani ena. Kodi amenewa ndi odalirika?

Coyamba kudziwa ndi cakuti opanga magalimoto nawonso amagula mashoko kwa makampani apadera. Imodzi mwa makampaniwa ndi Stabilus ya mumzinda wa Koblenz ku Germany, imene imagulitsa mashoko ku mafakitale a magalimoto ndiponso m'masitolo a masipeya. Motero shoko siikhala yoipa cabe cifukwa ilibe dzina la galimoto. Cofunika ndi cakuti ifanane ndi yakale pa zinthu zitatu.

Cinthu coyamba ndi utali. Shoko iyezedwe itatambasuka, kucokera pakati pa mutu umodzi kufika pakati pa mutu winawo. Yaifupi siitsegula boneti mokwanira, ndipo yaitali imaletsa boneti kutsekeka.

Caciwiri ndi mphamvu. Pa mashoko ambiri pamalembedwa nambala yotsatiridwa ndi cilembo ca N, mwacitsanzo 350N. Nambala yaing'ono itanthauza kuti boneti idzagwabe, pamene yaikulu kwambiri ikhoza kupinda boneti ndi mahinji ake.

Cacitatu ndi maonekedwe a mitu yolumikizira, pakuti ina imalowa pa kampira kacitsulo pamene ina imamangidwa ndi bauti. Njira yabwino ndiyo kunyamula shoko yakale popita kusitolo, kuilinganiza ndi yatsopano, ndi kusunga lisiti. Shoko yopanda dzina kapena nambala iliyonse ndi yokayikitsa, ngakhale mtengo wake ukhale wokopa.

Pa galimoto yokhala ndi mashoko awiri, onse asinthidwe pamodzi. Yatsopano ikatsala ndi yakale imasenza katundu yokha, boneti imapendekeka, ndipo posacedwa nayonso imafooka.

Kusintha kwake ndi nchito ya mphindi zocepa, koma ifuna anthu awiri. Mmodzi agwire boneti mwamphamvu, pamene mnzake akukweza pang'ono kawaya kopanira mutu wa shoko ndi sikuludiraiva yaphwatalala, nakoka shokoyo. Yatsopano imangokankhidwa pa kampira mpaka italira kuti tswa. Ayambe mbali imodzi, akatha apite ku inzake. Shoko iikidwe monga inalili yakale, ndipo kawirikawiri kandodo kamaloza pansi kuti mafuta azifewetsa kamphira.

Kandodo konyezimira sikayenera kugwidwa ndi mbaniro, kupakidwa utoto kapena girizi. Kansalu koyera kopukutira fumbi ndi kokwanira.

Makolo acenjerenso ndi mashoko akale. Ngakhale aoneke ofooka, mumakhalabe mpweya wopanikizidwa, kotero sayenera kuboola, kudula kapena kuponya pamoto, ndipo ana asaseweretse. Akuluakulu anati cakudza siciimba ng'oma, ndipo boneti nayo siicenjeza tsiku limene idzagwa.