Mtolankhani Akadziika Yekha M'nkhani

Anzanga a kuno ku Kafue Estates amandifunsa kawirikawiri ngati buku lingakhale nkhani yoona komanso nthano nthawi imodzi. Ndimawayankha kuti inde, ndipo chitsanzo changa ndi The Curse of Lono, buku la Hunter S. Thompson lomwe linatuluka mu 1983.

Mu 1980 magazini ya Running inatumiza Thompson kuzilumba za Hawaii kuti akalembe za mpikisano wothamanga wa Honolulu Marathon. Anapita ndi Ralph Steadman, katswiri wojambula zithunzi. Za mpikisanowo analemba pang'ono chabe. Mbali yaikulu ya bukulo ikukamba za mphepo yamkuntho kugombe la Kona, kuledzera, ndi maulendo okawedza nsomba zikuluzikulu. Anaphatikizamonso mbiri ya Captain James Cook, yemwe anaphedwa ku Kealakekua Bay mu 1779, ndipo ena amati anthu akumeneko ankamuyesa mulungu wawo Lono. Pamapeto pake, Thompson naye akudzitcha Lono.

Kalembedwe kameneka kamatchedwa gonzo. Mtolankhani sabisala kuseri kwa nkhani, amakhala pakati pake ndipo amakokomeza dala. Zili ngati msodzi wa pamtsinje wa Kafue amene nsomba yake imakula nthawi iliyonse akamafotokoza: nsombayo anaigwiradi, koma kukula kwake ndi kwa m'kamwa.

Ndimalangiza owerenga kusiyanitsa zinthu ziwiri. Malo, zaka ndi anthu a m'mbiri mungathe kuzifufuza. Zokambirana ndi misala ya wolembayo muziwerenge ngati nthano, osati umboni.