Mwana akafunsa za mimba ya amayi ake, mumuyankhe bwanji?

"Amayi, m'mimbamo muli chiyani?" Ambiri timazemba funsoli, kenako n'kudzanena kuti khanda takagula kuchipatala. Vuto lake, mwana akadzamva zoona kwa anzake amasiya kukufunsani.

Mwana wa zaka 3 mpaka 5 safuna zambiri. Muuzeni mwachidule: "Muli kamwana, kakukula. Kadzakhala mng'ono wako kapena mlongo wako."

Mimba imatenga masabata pafupifupi 40, koma mwana sawerenga masabata. Muuzeni ndi nyengo yomwe akuidziwa: "Kadzabadwa mabelo a fodya akamapita ku Chinkhoma."

Ngati kwanu n'kutali ndipo mudzapita kukadikirira kuchipatala cha Kasungu, musachoke mozemba. Muuziretu kuti mudzabweranso, komanso amene adzamusamale, kaya agogo kapena azakhali. Abambo, ngakhale ntchito ichuluke kuchigafa, pezani nthawi yocheza naye.

Khanda likabwera, wamkuluyo akhoza kuyambiranso kukodza pogona kapena kulirira kuberekedwa. Musamumenye, akuopa kuti mwamuiwala. Mpatseni kantchito, monga kubweretsa thewera, ndipo mumuyamikire. Koma musamusiye yekha ndi khanda.