Ulemu wa M'kalata Umayambira pa Malonje

Kalata yantchito imafika yokha mu ofesi, mwiniwake ali kunyumba. Singagwade kapena kupereka moni wa pamanja. Choncho woilandira amayamba kutiyeza poona mmene tamutchulira. Pempho labwino, kaya la ntchito, la mjigo kapena la malo oyezerapo anthu kuthamanga kwa magazi, likhoza kuchedwa chifukwa cha malonje olakwika.

Choyamba, lemberani udindo, osati munthu. Pansi pa keyala yanu ndi tsiku, lembani keyala ya wolandira motere: "Mphunzitsi Wamkulu", "Mkulu wa Chipatala" kapena "Bwanamkubwa", kenako dzina la malowo. Anthu amasamutsidwa koma mpando umatsala. Envelopu yolembedwa dzina la munthu amene anachoka imatha kukhala m'kabati osatsegulidwa.

Pa malonje, ngati simukudziwa ngati wolandirayo ndi mwamuna kapena mkazi, lembani "Bwana/Dona". Ngati mukumudziwa, lembani "Bambo" kapena "Mayi" ndi dzina la makolo. Dzina loyamba silikhala lokha, ngakhale munaphunzira naye sukulu imodzi.

Amene ali ndi dzina la udindo musamulande. Phungu wa Nyumba ya Malamulo ndi "Olemekezeka", mbusa ndi "Abusa", dokotala ndi "Dokotala". Mfumu timaitchula ndi dzina la ufumu, osati lobadwa nalo, ndipo mipando yake imasiyana: Nyakwawa, Gulupu, Mfumu Yaikulu. Ena ali ndi maina awoawo, monga Inkosi ya Makhosi Gomani ku Ntcheu, Inkosi ya Makhosi M'mbelwa ku Mzimba ndi Kalonga Gawa Undi ku Katete m'dziko la Zambia. Kumbukiraninso kuti mafumu ena ndi amayi.

Musalumphe mipando. Kalata yopita kwa Mfumu Yaikulu idzere kwa a Nyakwawa ndi a Gulupu, ndipo pa keyala lembani "Kudzera kwa". Amene mwamulambalala ndi yemweyo adzafunsidwe za pempho lanu.

M'kati mwa kalata gwiritsani ntchito "inu", osati "iwe", ngakhale wolandirayo ndi msinkhu wa mwana wanu. Za "muli bwanji, kuno tili bwino" zisiyireni kalata yamchezo. Lembani mutu, fotokozani pempho mwachidule, tsekani ndi "Ine wanu", sainani, kenako lembani dzina lanu lonse momveka.

Musanamate envelopu, funsani kalaliki kapena mlembi wa pamalopo kalembedwe koyenera ka dzina ndi udindo. Paja safunsa anadya phula.