Ndalama zili m'foni, koma foniyo ikulankhula Chipwitikizi

Kuti mlimi wa ku Nsadzo atape ndalama zake za M-Pesa, amayamba ndi kudina *150#. Wa e-Mola amadina *898#. Pamenepa palibe chovuta, manambalawa ngakhale ana amawadziwa pamtima. Mavuto amayamba foni ikayankha. Pagalasi pamatuluka mndandanda wa mawu a Chipwitikizi, mzere uliwonse ndi nambala yake: transferir dinheiro, levantar dinheiro, ndi ena otero. Munthu asankhe, alembe nambala ya ejenti, alembe kuchuluka kwa ndalama, alowetse nambala yake yachinsinsi, kenako atsimikize. Akangochedwa pang'ono, mwina pofufuza kapepala kamene analembapo nambala, zonse zimafufutika ndipo amayambanso poyambirira.

Nsadzo ali m'boma la Chifunde, kumpoto kwa chigawo cha Tete, kufupi ndi malire a Zambia. Msewu wochokera mumzinda wa Tete umakathera pa chipata cha Cassacatiza, ndipo kutsidya kwake ndi Chanida. Kuchoka pachipatacho kukafika ku Tete ndi mtunda wopitirira makilomita 250. Anthu a kuno ndi alimi a chimanga ndi fodya, ndipo chinenero cha pakhomo, cha kumunda, cha kumaliro ndi cha pamsika ndi Chichewa, chimene m'mabuku a boma la Mozambique amachitcha Cinyanja. Achibale ali mbali zonse ziwiri za malire. Si zachilendo kupeza munthu ali ndi simu khadi ya ku Mozambique ndi ina ya ku Zambia. Ya kuno imamulankhula Chipwitikizi, ya kutsidya imayamba ndi Chingelezi, pamene iye, mkazi wake ndi ejenti amene akumutumikira onse akulankhula Chichewa.

Kunena chilungamo, ndalama za pafoni zathandiza kwambiri madera ngati ano. mKesh inayamba mu 2011, M-Pesa ya Vodacom inabwera mu 2013, kenako Movitel, kampani imene inalowa m'dziko muno mu 2012 n'kufikitsa netiweki kumidzi yambiri, inabweretsa e-Mola. Kuyambira mu 2022 munthu akhoza kutumiza ndalama kuchokera ku kampani ina kupita ku inzake. Mwana amene ali pasukulu ku Tete amalandira ndalama ya chakudya tsiku lomwelo, popanda kudikira wina wokwera galimoto. Palibe amene angafune kubwerera ku masiku oika ndalama mu envelopu n'kupatsira dalaivala. Funso ndi lakuti amene anakonza mndandanda uja ankaganizira munthu wotani.

Kalembera wa anthu wa mu 2017 anapeza kuti anthu 39 mwa 100 aliwonse azaka 15 kupita m'tsogolo sadziwa kulemba ndi kuwerenga. Pakati pa amayi chiwerengerocho chinali pafupifupi theka, ndipo kumidzi chinali chokwera kuposa m'tauni. Kalembera yemweyo anasonyeza kuti amene Chipwitikizi ndi chinenero chawo chobadwa nacho sakwana 20 mwa 100. Choncho munthu amene mndandandawo unamuyenerera, wodziwa kuwerenga Chipwitikizi mwamsanga, wa maso akuthwa ndi zala zozolowera, sindiye amene amapezeka kawirikawiri pamzere wa ejenti ku Nsadzo.

Zimene zimachitika pamzerepo aliyense wa kumudzi anazionapo. Mayi wachikulire amamasula mfundo ya pansalu, n'kutulutsa kafoni ka mabatani kamene manambala ena anafufutika ndi thukuta. Sayesa n'komwe kudina. Amakapereka m'manja mwa ejenti n'kunena kuti, "Mundichitire, bambo." Ikafika nthawi ya nambala yachinsinsi, ejenti wabwino amabweza foni kuti mwini wake alembe yekha. Koma mayiyo amaopa kulakwitsa, poti anamva kuti ukalakwitsa kangapo akaunti imatsekedwa. Ndiye amangoitchula mokweza, anthu onse a pamzere akumva, kapena amaonetsa kapepala kamene amakasunga kuseri kwa batire. Ndalama akalandira amaziwerenga bwinobwino, kawiri. Chimene sangathe kuwerenga ndi meseji imene yalowa, yonena zimene zachotsedwa, mtengo wa ntchitoyo ndi zimene zatsala. Amabwerera kunyumba akudalira mawu a munthu wina.

Maejenti ambiri ndi anthu okhulupirika, ana a m'mudzi momwemo, ndipo popanda iwo ntchito yonseyi ikanagwa kalekale. Koma dongosolo limene limakakamiza munthu kuulula chinsinsi chake kuti afike pa ndalama zake lili ndi chilema. Makampani amalengeza kuti nambala yachinsinsi usauze munthu aliyense. Langizoli ndi labwino, koma nkosatheka kulitsata ngati sungathe kudutsa wekha masitepe amene amatsogolera ku nambalayo. Nawonso akuba a pafoni amadziwa bwino zimenezi. Amatumiza meseji yofanana ndi ya kampani, kenako n'kuimba mwaulemu kuti atumiza ndalama molakwitsa, muwabwezere. Amene amawerenga bwino amaona kuti mesejiyo yachokera ku nambala wamba. Amene sawerenga amangomva kuti foni yalira.

Pali chinanso chimene anthu ophunzira sachiganizira, ndicho manambala. Kudziwa ndalama ndi kudziwa kulemba ndalama ndi maluso awiri osiyana. Mayi wogulitsa tomato amene sanapite kusukulu sungamubere chenji. Amazindikira pepala la mametikali 20, 50, 100, 200, 500 ndi 1000 poona mtundu wake ndi zithunzi zake, ndipo amawonkhetsa m'mutu mofulumira kuposa mwana wa sekondale. Koma foni simuonetsa mapepala. Imafuna kuti alembe 1500, ndipo ziro mmodzi akachepa kapena kuchuluka, ndalamayo yasanduka ina. Onjezani apa kuti dziko la Mozambique linachotsa maziro atatu pa ndalama yake mu 2006, la Zambia linachita chimodzimodzi mu 2013, ndipo akuluakulu ena pamalire pano amatchulabe mitengo mwa kawerengedwe kakale. Kumene magetsi a kampani ya EDM afika pali mtolo wina. Ukagula mayunitsi a magetsi a Credelec umalandira manambala 20 ondondozana, oti uwakopere pa mita popanda kuphonya ngakhale imodzi, nthawi zambiri usiku, magetsi atathima kale, maso ali pa kagalasi kakang'ono ngati bokosi la machesi.

Zimenezi si zongoganizira. Mu 2009 Indrani Medhi ndi anzake a ku Microsoft Research India anafalitsa kafukufuku amene anachita mumzinda wa Bangalore pakati pa anthu osadziwa kuwerenga ndi odziwa pang'ono. Anawapatsa njira zitatu zotumizira ndalama pafoni: ya mawu olembedwa, ya mawu olankhulidwa, ndi ya zithunzi zotsagana ndi mawu omveka. Njira ya zolemba inawakanika. Ya zithunzi ndi imene ambiri anatha kuimaliza, ndipo ya mawu olankhulidwa inali yachangu, yosafuna thandizo lambiri. Anthu anali omwewo, nzeru zawo zomwezo. Chimene chinasintha ndi kapangidwe ka chinthucho. Ndikamva wina akunena kuti anthu a kumudzi ndi otsalira pa za makono, ndimamva kuwawa, chifukwa akuimba mlandu munthu amene sanafunsidwe chilichonse pamene chinthucho chinkakonzedwa.

Makampani ali ndi zifukwa zawo, ndipo zina ndi zomveka. Njira ya timanambala toyamba ndi nyenyezi ija, imene akatswiri amaitcha USSD, ndi yakale. Ubwino wake ndi woti imagwira pa foni iliyonse popanda intaneti, koma imangonyamula zilembo 182 pa uthenga umodzi, ilibe zithunzi, ndipo imadula yokha pakapita kanthawi kochepa. Komanso Mozambique ali ndi zinenero zambiri: Emakhuwa, Xichangana, Cisena, Elomwe, Cinyungwe, Ciyao ndi zina. Akayamba ndi chimodzi, ena adzafunsa za chawo.

Koma zifukwazi sizikwanira. Ku Kenya, kumene M-Pesa inabadwira mu 2007, ndi ku Tanzania, anthu amatha kuigwiritsa ntchito m'Chiswahili, pa mafoni a mabatani omwewa. Mawu ofunika pa mndandanda wotumizira ndi kutapira ndalama ndi ochepa kwambiri, mphunzitsi mmodzi waluso akhoza kuwamasulira tsiku limodzi. "Tumizani ndalama" ndi "Tapani ndalama" zimakwana bwino pagalasi. Ndipo Chichewa si chinenero chachilendo pa zolemba kapena pa makompyuta. Pamene boma linkayesa koyamba kuphunzitsa ana m'zinenero ziwiri, kuyambira 1993 mpaka 1997, linasankha Xichangana ku Gaza ndi Cinyanja kuno ku Tete. Radio Moçambique imaulutsa m'chinenerochi. Google Translate inachilandira mu 2014. Malamulo aakulu a dziko a mu 2004 amati Chipwitikizi ndicho chinenero cha boma, koma amatinso boma lidzalemekeza zinenero za dziko lino ndi kulimbikitsa kuti zizigwiritsidwa ntchito. Ngati mwana wa ku Chifunde angaphunzire masamu m'Chichewa, agogo ake alephereranji kuona ndalama zawo m'chinenero chomwecho?

Kumasulira kokha sikungathetse zonse, poti wosawerenga sawerenga ngakhale Chichewa. Mu 2015 Safaricom, kampani ya M-Pesa ya ku Kenya, inayambitsa Hakikisha, njira yoonetsa dzina la wolandira ndalama zisanapite, kuti wotumiza akaona kuti walakwitsa nambala aimitse. Ndi kusintha kochepa kumene kwapulumutsa ambiri, komabe dzina lolembedwa limathandiza wodziwa zilembo. Kwa enawo pafunika mawu omveka. Foni ndi chipangizo cholankhulira, ndipo makampani omwewa ali kale ndi makina oyankha okha amene amauza munthu kuti adine 1 kapena 2. Makina oterowo akhoza kumuwerengera munthu m'Chichewa dzina la wolandira, kuchuluka kwa ndalama, mtengo wa ntchito ndi zotsala, asanadine batani lomaliza.

Achinyamata a mafoni amakono nawo sanapulumuke. Wofuna kulemba mayeso olowera ku Universidade Eduardo Mondlane amayamba ndi kulembetsa pa intaneti. Tsamba limene ku Maputo limatsegula m'kuphethira kwa diso, kumudzi limamwa mayunitsi likungozungulira, ndipo netiweki ikadula fomu ili pakati, zolemba zimatha kutayika. Kumeneko vuto si chinenero, koma gwero lake ndi lomwelo: wokonza anayesera chinthucho pamalo pamene iye amakhala.

Banco de Moçambique ndi imene imayang'anira makampani a ndalama za pafoni, ndipo INCM imayang'anira za matelefoni. Mabungwe awiriwa ali ndi mphamvu yolamula kuti mndandanda ndi mameseji otsimikizira zizipezeka m'zinenero zazikulu za chigawo chilichonse, kuti pakhale njira ya mawu omveka, ndiponso kuti nthawi yodikira munthu asanadulidwe italikitsidwe momwe zingathekere. Vodacom, Movitel ndi Tmcel ya mKesh sayenera kudikira lamulo. Atumize amene amakonza zinthuzi ku Nsadzo nyengo yogulitsa fodya, akaime pambali pa ejenti kuyambira m'mawa mpaka madzulo, awerenge okha kuti ndi makasitomala angati amene amaliza kutapa ndalama foni ili m'manja mwawo.